Miyala Yoyera ya ku Nachiwale

Cuamba, pa 9 Okutobala 1995

Mlongo wanga Luka,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa mlamu wanga Alinafe ndi wa ana onse. Kodi chifuwa cha Madalo chija chinaleka? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Amayi miyendo ndi yomwe ija, koma pakamwa mpabwinobwino, akutilongolola m'mawa ndi madzulo monga kale.

Usadzidzimuke poona kuti kalatayi yachokera ku Cuamba osati kwathu ku Ngauma. Sindikudwala ine. Ndikudwazika munthu kuchipatala, ndipo za iyeyo ndikuuza m'munsimu. Ndapatsira a Abdulu, ogulitsa nsomba za ku Amaramba aja amene amafika ndi njinga kuesiteti kwanuko ku Namwera. Ndawauza kuti aipereke m'manja mwako, osati kwa kapitawo kapena munthu aliyense wa chipani. Mkatimo muli kanthu kokulunga m'kansalu. Usakataye, koma yamba wawerenga.

Kalata yako ndinailandira. Masamba awiri onse unadzaza ndi a Deputado Benedito, phungu wathu uja, mayi ako okubereka n'kuwapatsa mzere umodzi kumapeto. Wati pa 21 akutumizirani kamiyao, lole yaikulu ija, kudzakutengani nonse amene munatsalira ku Malawi. Wati mawa lake mukakweza manja pamsonkhano wa ku Mandimba kuti iwowo akhale mtsogoleri wa chipani chathu kuno, kenako uthamangire kukasosa munda wa bambo ku Nachiwale mvula isanagwe.

Munda umenewo ndi umene wandilembetsa kalatayi. Usakapondemo, Luka, iwe kapena mkazi wako kapena mwana wako.

Ndikudziwa chimene uyankhe. Unena kuti a Benedito analengeza okha kuti mabomba onse okwirira pansi anachotsedwa, ndipo sangatinamize chifukwa ndi wathu, Mnyanja mnzathu, wobatizidwa m'tchalitchi chathu chomwe. Unalembanso kuti mpando akautenga a Jafali, amene akupikisana nawo aja, Ayao anzawo a ku Mandimba adzatilanda chipani, makasu ndi mbewu zomwe. Mawu amenewo si ako. Ndikudziwa pakamwa pamene anachokera, chifukwa ifenso kuno timawamva Loweruka lililonse, osasintha ngakhale limodzi.

Usandiyese mdani wawo. Chaka chatha ndinavala kapulana, nsalu ija ya chipani, mpaka inasuluka, ndinavina fumbi n'kundilowa m'mano, ndipo khadi langa likadali m'Baibulo. N'chifukwa chake ndikuti undimvere mpaka ndimalize.

Mu Juni kunabwera anthu ochotsa mabomba ndi zitsulo zawo zolira. Anayeretsa msewu, njira ya kuchitsime ndi bwalo la sukulu. Anatisonkhanitsa n'kutiphunzitsa ngati ana kuti mwala wopaka zoyera ukutanthauza kuti yenda, wopaka zofiira ukutanthauza kuti usaponde. Minda ya m'mbali mwa mtsinje wa Nachiwale, kuyambira pamkuyu paja mpaka kumanda, anaitchinga ndi mzere wa miyala yofiira. Anati aitanidwa kwina, adzabweranso mvula ikatha. Ndinamva ndi makutu angawa.

Mu Ogasiti tinamva kuti kukubwera akuluakulu a chipani ochokera ku Lichinga. A Benedito anali atawauza kuti dera lathu lonse layera chifukwa cha khama lawo, ndiye alendowo amafuna kudzaona. Mwambo wake ukuudziwa. Kukamabwera wamkulu timasesa msewu, n'kupaka laimu miyala ya m'mbali kuti mudzi uoneke wa anthu. A sekeretaliyo a chipani anabweretsa laimu ndi zidebe, n'kuitana ife amayi.

Anati tipake miyala yonse. Ine ndinafunsa za yofiira ija. Anayankha kuti ochotsa mabomba anauza a Deputado kuti mindayo anaipima osapezamo kanthu, kungoti utoto woyera unawathera. Anati zofiirazo zichititsa manyazi mudzi pamaso pa alendo. Kenako anandiyang'anitsitsa n'kufunsa ngati nane ndayamba kudya kwa a Jafali. Amayi anzanga anaseka, ine n'kutola burashi.

Apa ndiye pamene pakundiwawa kulemba. Chigawo chochokera pamkuyu mpaka kumanda, chimene chili kutsogolo kwa munda wa bambo, ndinapaka ndine. Ukundidziwa kuti ntchito sindigwira mwaulesi. Ndinapaka kawiri, kuti kufiira kusaonekere ngakhale pang'ono. Ndinali wokondwanso, ndikuti munda wa bambo wamasuka, Luka adzapeza polima.

Kukayika kunandiyamba tsiku la alendolo. Manda a bambo awo a Benedito ali kuseri kwa miyala ija, mapazi makumi asanu okha kuchokera pamsewu. Azakhali awo anawagwira dzanja kuti akawaone, poti chibwerereni sanafikeko. Iwo anati nthawi yachepa. Nthawi yomweyo inapezeka yokwanira kudyera nkhuku ziwiri ndi kulankhula mpaka dzuwa kupendeka.

Ndiye panali kanthu kena, ndipo usaseke. Atafuna kutaya madzi sanalowe patchire monga achitira mwamuna aliyense. Anatsegula chitseko cha galimoto n'kubisala kuseri kwake, mapazi onse awiri ali mumkwasa wa matayala. Amayi tinagwirana mapewa ndi kuseka. Ine ndinaseka nawo, koma kuseka kunandithera pakamwa. Ndinadzifunsa kuti munthu amene wangolumbira kuti dziko layera akuopa chiyani m'maudzu.

Patapita sabata, msuweni wa a Benedito anapempha malo ku Nachiwale, poti dothi lake ndi la fodya. Iwo anamuuza chapansipansi kuti adikire chaka chamawa, ndipo mkazi wa msuweniyo ndi amene anandinong'oneza kuchitsime. Koma a Abudo atapempha, anapatsidwa tsiku lomwelo, malo oyandikana ndi athu. Anthu anaombera m'manja kuti taonani a Benedito alibe tsankho, akugawira Myao dothi labwino. Ine kukayika ndinali nako, komabe a Abudo sindinawachenjeze. Ndinaopa kutchedwanso wa a Jafali.

A Abudo ukuwakumbukira, amuna ake a Rukiya. Ngati waiwala Rukiya, funsa mkazi wako. Ndi uja anayamwitsa Madalo miyezi itatu kukampu ya othawa nkhondo pamene Alinafe anagona ndi malungo mkaka n'kuuma. Nthawi imeneyo sindinakumve ukufunsa ngati mkakawo unali wa Chiyao.

Pa 14 Sepitembala m'mawa Rukiya anapita kukasosa munda wake watsopanowo. Ine ndinali kusinja pakhomo pamene ndinamva kuphulika, nkhuku zonse n'kubalalika. Sindinafunse munthu kuti n'kuti. Ndinadziwa, ndipo musi unandigwa m'manja.

A Abudo anamutulutsa atamubereka kumsana, akuponda m'mapazi ake omwe. Galimoto ya ogula fodya inamutengera ku Mandimba, kenako kuno. Mwendo wakumanzere anaudula pansi pa bondo. Ndi ameneyo ndikudwazika.

Tsono tamva zimene anachita atsogoleri ako. A Benedito pamsonkhano woyamba anati bombalo linakwiriridwa chatsopano ndi anthu a Jafali pofuna kuwaipitsira mbiri. Pamsonkhano wachiwiri anati Ayao samva, amalowa paliponse ngati mbuzi. Sindikudziwa kuti tikhulupirire ziti, poti zonse zinatuluka pakamwa pamodzi. Za miyala sanatchule.

Usaganize kuti a Jafali ndawayeretsa. Anabwera kuchipatala kuno ndi munthu wojambula, anavundukula nsalu kuti chilonda chioneke bwino pachithunzi, anasiya shuga n'kumapita. Sanabwerenso. Ndamva kuti chithunzicho akuyenda nacho m'misonkhano, akuuza anthu awo kuti Anyanja akufuna kuwamaliza. Onse awiri mwendo wa Rukiya awupezera ntchito, koma palibe mmodzi amene watuma munthu kukaitana ochotsa mabomba aja.

Ine ndisanabwere kuno ndinatenga mpeni n'kupita pamkuyu. Ndinaima mumsewu n'kupala miyala isanu ndi iwiri mpaka kufiira kunatuluka. Ndinati anthu akaona adzakumbukira. Patapita masiku awiri ndinapeza yonse yayeranso mbee, laimu wake wosauma bwino. Madzulo ake a sekeretaliyo anadutsa pakhomo, anapereka moni kwa amayi mwaulemu wonse, kenako n'kundifunsa ngati mpeni wanga ukadali wakuthwa.

Choncho usandiuze kuti kunali kulakwitsa. Kupaka koyamba mwina munthu n'kunena kuti anamva molakwa. Kwachiwiriko anapaka akudziwa kuti mwendo wa munthu watsala m'mundamo.

Sindinena kuti ndinawaona a Benedito atagwira burashi. Sindinawaone. Mwinanso sadziwa pamene mabombawo ali, monga sitidziwa tonsefe. Chimene ndikudziwa n'chakuti amadziwa pamene phazi lawo siliyenera kuponda, ndipo anachenjeza msuweni wawo. Iwe amene ukuti ndi wathu, anakuchenjeza? Akufuna dzanja lako pa 22 ku Mandimba. Chimene ukaponde pa 23 si nkhani yawo.

Loweruka lapitali ndinamuuza Rukiya zoona. Ndinali kumusambitsa, ndipo iye ankadziwiringula kuti si chitsiru, anayang'ana miyala asanalowe, inali yoyera bwinobwino, yopakidwa ndi munthu wosamala. Sindinathe kupirira. Ndinamuuza kuti munthu wosamalayo ndine.

 Ndinkadikira kuti anditukwane kapena andithamangitse, ndipo zikanandipepukira. Iye anangoti ndimutembenuze, msana wamuwawa. Nditamutembenuza anafunsa kuti Madalo akubwera liti. Ndinati pa 21. Anati nanga ndikudikira chiyani osalemba kalata, poti mwana wa zaka zisanu sayenda m'mapazi mwa bambo ake, amathamangira kutsogolo.

Sananene kuti wandikhululukira, ndipo sindinamupemphe. Ndikumuphikira, ndikumuchapira, koma ndikudziwa kuti zimenezo sizimeretsa mwendo. Ndili ndi chisoni ndi manyazi zimene sindinakhalepo nazo, ngakhale tsiku lija tinathawa n'kusiya bambo osaikidwa bwino.

Tsono pempho langa ndi ili. Ngati wafuna kubwera, bwera, kwanu ndi kuno ndipo amayi akukuwerengera masiku. Kamiyaoyo kwera, ndi yaulere. Ku Mandimba kweza dzanja kwa amene wamufuna, sindikulanda dzanja lako. Koma ukatsika, ana uwagwire pamkono mpaka pakhomo. Chaka chino udzalima munda wanga wa kuseri kwa sukulu, umene unapimidwa ine ndikuona. Tidzagawana pakati, ndipo mbali ya chulu ndakusiyira iwe. Wa bambo udikire eni zitsulo aja.

Uwauzenso anzako onse a kuesiteti amene ali ndi minda ku Nachiwale. Uwawerengere kalatayi ngati ufuna, dzina langa usabise. Akanditcha wogulitsa mtundu, anditche. Ndinaopa dzina limenelo mu Ogasiti, ndipo ukuona chimene mantha anga anagula.

Pamsonkhano wa ku Mandimba ndidzakhalapo. Ndidzapempha kulankhula, ndipo ndidzanena zimene ndakuuzazi pamaso pa a Benedito ndi a Jafali omwe. Ndikudziwa kuti adzandikuwiza. Sindikukupempha kuti undiikire kumbuyo, koma ndikadzayang'ana m'gulu la okuwawo ndisadzaonemo nkhope yako.

Ndikukudziwa, Luka. Kuyambira uli mwana sunkakhulupirira kuti mphika watentha mpaka utaugwira. Pofika pano mwina wayamba kale kunena kuti mlongo wanga wasokonezeka ndi fungo la chipatala, kapena Ayao amudyetsa kanthu. N'chifukwa chake ndakutumizira kanthu kaja.

Masula kansaluko. Ndi kachibenthu kamene ndinabenthula pamwala wachitatu kuchokera pamkuyu, umene uli pakhomo penipeni pa munda wa bambo, pamene tinkatulira madengu. Ukaona ndi koyera, ndipo laimu wapansiyo ndi wa dzanja langa. Usamvere ine, usamvere a Benedito. Itana Alinafe ndi Madalo akhale pafupi, ndipo ukande ndi chikhadabo chako.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga ndi ana onse mmodzimmodzi, ndi kwa amalume a ku Chiponde ukawaona. Amayi akuti ubwere ndi mafuta opaka miyendo. Rukiya akuti umuuze Madalo kuti amayi ake ena akumudikira, ngakhale sadzatha kumuchingamira kumsewu.

Mulungu akusungeni m'njira, ndipo akufikitseni pakhomo ndi miyendo yanu yonse.

Ndine mlongo wako,
Elena