Chitenje Chachikasu cha Apongozi

Lolemba, 8 Julayi

Apongozi atiitanira kuseri kwa chigafa, akazi a ana awo tonse anayi. Akuti pa 20 tikuvundukula chiliza cha malemu amuna awo, ndipo tonse tidzavale chitenje chachikasu chija anatigawira atagulitsa fodya. Kani inali yunifolomu! Ine ndinkayesa mphatso wamba. Chikasu chake chothobwa m'maso. Ndinachikulunga bwinobwino n'kukapatsa mnzanga Caroline, namwino wa ku Santhe, atabereka. Amuna anga, a Ernest, sakudziwa.

Lachitatu, 10 Julayi

Panjinga mpaka kusitolo ya a Rajab ku Santhe. Chinatha. Apongozi anatenga mpukutu wonse. "Ananenetsa kuti pasapezeke wapadera wochivala," atero a Rajab.

Loweruka, 13 Julayi

Kwa Caroline, manyazi ndawasiya panjira. Wandiseka mpaka misozi. Nayenso sanachikonde, anachipititsa kwa mayi womuchapira zovala. "Mphatso imayenda, asisi." Mayiyo ndani? Agnesi wa ku Lisasadzi. Mayo ine! Agnesi, mkazi woyamba wa a Ernest. Banja linatha, koma ndi amene apongozi mpaka lero amamutchula "mwana wanga". Ine zaka zitatu pachitengwa pano, ndikadali "uja wa kwa Mwase".

Lachinayi, 18 Julayi

Ndafika pampanda pa Agnesi n'kubwerera. Ndikanayamba ndi mawu ati? Anzanga atatu asoketsa kale. Apongozi andifunsa, ndanama kuti changa chili kwa telala. Ndikuopa, Mulungu wanga. Ndikuopa kubwerera kwathu katundu ali pamutu, mwana wanga Fundo ali kumsana.

Loweruka, 20 Julayi

Ndavala chabuluu, ndati telala wandigwiritsa fuwa lamoto. Tikunyamuka kupita kumanda, Agnesi uyo! Wabwera kudzathandiza kuphika, chachikasu chili m'chiuno. Kaya amadziwa, kaya ayi.

Apongozi ayang'ana iye, ayang'ana ine. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Amugwira dzanja n'kukamukhazika pamphasa ya akazi apabanja pano. "Anayi akwana," atero. A Ernest maso pansi. Ine mwambo wonse ndaima kumbuyo ndi alendo.

Tsopano apongozi atuma munthu kukaitana ankhoswe. Sananene kuti anga kapena a Agnesi, ndipo ndikuopa kufunsa.