Nambala Imene Sindinayenera Kuiona

Lolemba, 13 Outubro 2025

Kutentha kuno ku Chimadzi, ku Tete, malata akuchita kuthetheka. Nditaweruka kophunzitsa ndinabwerera pa kompyuta. Zaka ziwiri tsopano ndikuyeza kanthu kamodzi: mesoni. Kamabadwa m'makina a ku Ulaya, kamasanduka mnzake wotsutsana nako, n'kubwereranso, kenako kamasweka. Mabuku amati awiriwa amasiyana pang'ono chabe pa kaswekedwe. Tikapeza kusiyana koposa apo, ndiye kuti pali fizika imene munthu sanaidziwe.

Mana Zita anafunsa kuti nambala yatuluka bwanji. Ndinati sitiiona. Programa imaiphimba mpaka gulu lonse litagwirizana za njira yoyezera, kuopa kuti mtima ungakokere kumene ukufuna.

"Ine nditaphimba balansa, sikelo yanga, pogulitsa mbatatesi, angandigende nazo," anatero mlongo wangayo. "Inu a dotolo amakutamandani nazo?"

Lachiwiri, 14 Outubro

Ndalakwitsa.

Tili ndi njira ziwiri zosefera zinyalala mu deta, A ndi B. Poziyesa pa deta yongoyerekeza timachotsa chophimba. Ndinachotsa, koma ndinaiwala kusintha fayilo. Inali deta yeniyeni. Manambala onse awiri anatuluka. Imodzi ikugwirizana ndi mabuku. Inayo ili patali.

Ndinatseka msanga ngati wina waima kumbuyo kwanga. Palibe waona. Sindiilemba ngakhale muno.

Lachitatu, 15 Outubro

Uthenga wa a Professora, otiyang'anira: Lachisanu pa msonkhano wa pa vidiyo ndine ndisankhe, A kapena B, poti ndine ndazigwira nthawi yaitali. Akuti kalata yondiitana ku laboratoriyo ya ku Ulaya mu Janeiro ikungodikira kuti asaine. Miyezi isanu ndi umodzi kunja kwa Tete! Ndinawerenga katatu.

Hélio, mnzanga wa m'gulu, anaimba kuchokera ku Maputo. "Mano, m'bale wanga, utipezera fizika yatsopano uli mu uvuni wakowo? Ukakwera ndege usatiiwale ife amphawi." Ndinaseka mokakamiza. Anafunsa ngati ndikudwala malungo.

Lachinayi, 16 Outubro

Ndalemba zifukwa zosankhira A. Zomveka. Ndalemba za B. Zomvekanso. Koma sindikudziwanso kuti ndi ziti ndinali nazo Lolemba, ndi ziti zamera nditaona. Ndikasankha yopita patali, ndakokera. Ndikasankha inayo, ndikuthawa, kumenenso ndi kukokera.

M'kalasi, ndikupereka chitsanzo pa bolodi, dzanja linayamba lokha kulemba nambala ija. Ndinafufuta ndi chikhatho.

Ndikaulula, kodi munthu wolephera kuyang'ana dzina la fayilo angamusainire kalata? Mwina anandisankha molakwitsa kuyambira pachiyambi.

Mana anandipeza nditangokhala pakhonde. Ndinawauza zonse. Anapitiriza kusankha mbatatesi zowola m'thumba.

"Ndiye wasuzumira," anatero. "Nanga mawa ukawayang'ana ndi nkhope iti? Iyiyi? Iwe sunathepo kunama ngakhale za shuga wa amayi."

Lachisanu, 17 Outubro

Nkhope zisanu ndi ziwiri pa kompyuta. A Professora anati, "Dércio, tiuze. A kapena B?"

Ndinati sindingasankhe, ndinaona manambala Lachiwiri. Ndinafotokoza za fayilo. Kunja wogulitsa makala ankakuwa, ndipo onse anamumva.



"Usaitchule," anatero a Professora. "Kwa wina aliyense. Zimitsa kamera, tisaone nkhope yako. Hélio asankha sabata yamawa, ndipo tidzalemba mu lipoti zimene zachitika."

Ndinazimitsa. Ndinamvetsera akukangana za ntchito yanga ine ndili mumdima. Za Janeiro sanatchule. Sindinafunse.

Msonkhano utangotha foni inalira. Uthenga wa Hélio: "Mano, sindikufuna nambala. Ungoti yaikulu kapena yaing'ono." Inaliranso. "Ungotumiza chala choloza m'mwamba kapena pansi, basi."

Mana anawerenga ali pa phewa langa. Anavula nsalu ya kumutu n'kuiponya pa foni.

Ikulirabe pansi pa nsaluyo. Ndikupita kukawathandiza kunyamula thumba.