Fomu ya Madalo Sindinasayinebe

South Bend, Indiana
15 Januwale

Okondedwa achimwene, bambo a Chiyamiko,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse ku Luchenzako. Nanga msana uja unasiya kuvuta? Mayi akuti mumangoudzola mankhwala n'kubwereranso kugalaja, ngati kuti chipatala munayambana nacho. Ife kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwanyanya. Sinowo wafika m'mawondo, ndipo m'mawa uliwonse ndimayamba ndagwira fosholo ndisanapite kuntchito.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Ndaimba kangapo, koma mumayankha mawu awiri n'kupereka foni kwa alamu. Sindikukuimbani mlandu. Chifukwa chake ndikuchidziwa, ndipo ndifikapo. A Sosten a kutchalitchi kwathu akunyamuka Lamlungu kubwera kumudzi, ndiye ndawapempha kuti akupatseni kalatayi m'manja.

Nkhani ndi ya mwana wanga Madalo, yemwe ndi mwana wanu nanunso. Ali giredi 8 tsopano, ngati Sitandade 8 yakwathu, ndipo mu Ogasiti akuyamba sekondale. Kwa zaka ziwiri wakhala akubwera ndi mapepala ochokera kwa mlangizi wa pasukulu pawo. Ena ofunsa zomwe mwana amakonda, ena ofotokoza za ntchito ndi makoleji, ena oitanira makolo kumisonkhano. Ine ndinkangowaunjika pamwamba pa filiji. Mumtima ndinkati anthu akuno ngosowa chochita, mwana woti kuchapa sokosi zake timachita kumukumbutsa adziwa chiyani za koleji? Ndinkamuuza kuti iye azingolimbikira, akadzakhoza bwino mayeso adzasankhidwa kupita kusukulu yabwino.

Achimwene, mlongo wanu ndinali kudikira selekishoni ku Amereka!

Anandidzutsa kutulo ndi Sophia, mnzanga uja tinali naye limodzi kusekondale, amene pano amakhala ku Beech Grove. Anandiseka pafoni mpaka kutsokomola. Akuti kuno palibe amene amakhoma mndandanda wa mayina pachitseko cha ahedi. Mwana amasankha yekha njira yake, kholo n'kusayina fomu, ndipo tsiku likadutsa malo amatenga ena. Ndinatsitsa mulu uja tsiku lomwelo n'kupeza kuti misonkhano itatu inandidutsa kalekale. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba zaka ziwiri, gonthi ndinali ine. Fomu yosankhira maphunziro a kusekondale ikufunika pa 21 Febuluwale, ndipo kuyambira tsiku lomwe ndinatsitsa muluwo mtima wanga sunakhale m'malo.

Mu Novembala kalasi yawo inapita ku Indianapolis kuchionetsero cha ntchito zosiyanasiyana. Ndinadzipereka kukhala mmodzi wa makolo operekeza ana, poti ndinkafuna kukonza zomwe ndinawononga. Ndi ulendo wa maola pafupifupi atatu pa basi, ana akusokosera njira yonse. Tinakafikira muholo yaikulu pakati pa tauni, yodzaza ndi matebulo, lililonse ndi ntchito yake. Ine ndinamugwira dzanja kulunjika kwa a zachipatala, chifukwa m'mutu mwanga ndinali nditamuveka kale chovala choyera cha udokotala. Ndikucheza ndi mayi wina za maphunzirowo, pocheuka, mwana palibe.

Ndinakamupeza kumapeto kwa holo, patebulo pomwe panali injini yophwasula. Anali ndi mtsikana wina wovala ovololo, amene amakonza magalimoto a mpikisano ku bwalo lawo lotchedwa Speedway. Madalo anali atapinda manja a juzi, sipanala kumanja, girizi mpaka pachibwano. Mwana woti kunyumba ukamufunsa kanthu amayankha ndi mapewa, kumeneko mafunso osatha, n'kumaseka mano onse pamtunda. Ndinaima pamenepo nditanyamula timabuku ta zachipatala, ndipo nkhope ndinkaionayo inali yanu yeniyeni. M'malo mosangalala ndinapsa mtima.

Fomu itabwera Khirisimasi isanafike, iye analembapo kuti akufuna maphunziro a zamainjini. Akuti amatengako ana ochepa chabe. Ine ndinakana kusayina. Ndinamuuza kuti sindinawoloke nyanja kudzasambitsa nkhalamba za eni kuti mwana wanga akathere pansi pa galimoto. Anandiyang'ana n'kundifunsa m'Chingerezi chake chija ngati n'chifukwa chake sinditchula amalume ake ndikamauza anzanga za abale anga.

Milungu itatu tsopano, m'nyumba muno timangodutsana. Amadya, amatsuka mbale yake, n'kukadzitsekera kuchipinda. Fomu ili padirowa langa, ndimaitenga, ndimaiwerenga, ndimaibwezera. Kuntchito ndasokoneza thireyi za chakudya kawiri mlungu uno, mpaka akuluakulu anandifunsa ngati ndikudwala. Bambo ake akuti iwo ndi mkamwini, za mbumba salowerera. Munthu wakhala kuno zaka khumi ndi zisanu, mwambo waukumbukira lero chifukwa wamupatsa pothawira.

Ndifike tsono pa chija ndanena. Mawu ndinauza Madalo aja ndi omwewo ndinauza Chiyamiko ulendo uja ndinabwera kumaliro a bambo. Ndinati akapanda kulimbikira sukulu adzathera pansi pa galimoto ngati bambo ake. Inu munali pomwepo pakhonde, mukusamba m'manja ndi sopo waufa. Munangopukuta manja n'kutuluka pampanda. Zaka zisanu zapita ndikudziuza kuti ndinali kulangiza mwana. Ndi bodza. Ndinakunyozani pamaso pa mwana wanu, tsiku lachiwiri titaika bambo athu, ndipo ndili ndi manyazi. Pepani achimwene, mundikhululukire.

Pempho langa ndi limodzi. Mwana aliyense wofuna maphunziro amenewa akuyenera kucheza ndi munthu amene amagwira ntchitoyo, n'kulemba zomwe wamva, n'kuphatikiza ku fomu. Mlangizi uja anati amupezera makaniko wa m'tauni muno. Madalo anakana. Anamuuza kuti iye ali ndi amalume ake ku Malawi amene ali ndi galaja yawoyawo. Zimenezi ndinazimva kwa mlangiziyo, osati kwa mwanayo. Madalo walemba mafunso asanu ndi limodzi, ndipo bambo ake, omwe aja osalowerera, amuthandiza kuwaika m'Chichewa.

Ndiye ndikupempha kuti mulole acheze nanu pavidiyo Lamlungu pa 2 Febuluwale. Kuno ikamati 9 koloko m'mawa, kwanuko imakhala 4 koloko madzulo, kukadali kowala. Mukhale kugalaja komweko, mumuonetse zonse, osasesa kapena kuvala malaya a kutchalitchi. Chichewa amamva bwinobwino, poyankha ndiye amasakaniza. Mukamuseka musekeni pang'ono, sachedwa kufota ameneyo.

Mafunso ake ndinawaona atawasiya patebulo. Ambiri ndi osavuta. Akufuna kudziwa chida chomwe munayamba kugula, injini yomwe inakuvutani kuposa zonse, ndiponso ngati munaphunzitsapo mtsikana. Koma lomaliza likufunsa ngati ntchitoyi munachita kuisankha nokha. Ndinakhala pampando ndi pepalalo kuyesa kukuyankhirani, ndipo ndinapeza kuti sindikudziwa. Chomwe ndikukumbuka n'chakuti munalemba Sitandade 8 kawiri dzina lanu osatuluka, chonsecho masamu anga onse munkandiphunzitsa ndinu. Kenako bambo anakutengani kukakusiyani kugalaja ya mnzawo ku Limbe. Langa litatuluka, mudzi wonse unalulutira, ndipo sutikesi yanga munanyamula ndinu mpaka pasiteji. Palibe amene anakufunsani chomwe munkafuna. Inenso, zaka makumi atatu zonsezi, sindinakufunsenipo.

Sindikubisirani, funso limeneli likundiopsa mbali zonse. Mukamuuza kuti munangokankhidwira, ndipo mukadapeza mwayi mukadathawa, akhoza kufufuta yekha zomwe analemba, ine n'kupambana. Masiku ena ndimafuna zimenezo. Masiku ena ndimakumbuka mmene ankasekera muholo muja, n'kuona kuti kupambana koteroko kundilanda mwana. Choncho musayankhe kuti mundisangalatse, komanso musayankhe kuti mundikhaulitse, ngakhale ndikuyenera kukhaula. Mungomuuza zoona. Inu ndinu mwini mbumba. Chomwe iye adzasankhe atamva kwa inu, ndidzasayina tsiku lomwelo.

Mukaona kuti simungathe, mungowauza a Sosten. Ndidzamvetsa, ndipo kwa mwanayo ndidzafotokoza ndekha kuti wolakwa ndine.

Mundiperekere moni kwa mayi, muwauze kuti juzi yawo ili m'chikwama cha a Sosten, asaisunge m'sutikesi ngati ija yoyamba. Moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Bvumbwe, kwa Pamela ndi kamwana kake. Kwa Chiyamiko moni wapadera, ndipo ngati mungalole, kalatayi nayenso awerenge. Bambo a Madalo akupereka moni kwa nonse.

Pa 2 Febuluwale foni idzakhala patebulo, Madalo ali pampando ndi pepala lake. Mukadzanena kuti ine ndituluke, ndidzatuluka popanda kuwiringula. Koma ndikuuziranitu kuti ndidzaima kuseri kwa chitseko, chifukwa yankho la funso lomalizalo nanenso ndikulifuna.

Ambuye akusungeni mpaka tidzamvane.

Ndine mlongo wanu,
Flora