Dandaulo pa Kompyuta Imene Munanditumizira

Achimwene,

Landirani moni mwaulemu wonse, pamodzi ndi dandaulo langa. Kuno ku Moatize tili bwino, amayi mwendo wasiya kutupa. Wodwala kwenikweni ndi kompyuta munanditumizira kuchokera ku Maputo ija.

Ku mgodi wa ku Chipanga akufuna mlembi, ndipo makalata akulandirira pa intaneti pokha, kutseka Lachisanu. Nditatsegula tsamba lawo, linandikana, akuti navegadori yanga, pulogalamu yolowera pa intaneti ija, ndi yakale. Ndinati chabwino, ndiikemo yatsopano. Iyonso inakana, akuti singakhale ndi sistema yakale, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse ija. Sistema yatsopano nayo inati makinawa ndi okalamba. Munthu wa ku yunivesite ine, kukanidwa katatu ndisanalembe ndi dzina lomwe!

Ndinakwera chapa, minibasi yathu ija, mpaka ku Zóbuè kwa Issufo wokonza mafoni uja. Sanaiyatse n'komwe. Anangoyang'ana chivundikiro n'kunena kuti, "Akulu, iyi inathawa nawo nkhondo. Koma mwamwayi ndili nayo ina yogulitsa." Mwamwayi! Mawu ake akufanana kwambiri ndi a kompyutayi, moti ndikuganiza kuti amadyera limodzi. Nanunso achimwene, munadziwa liti kuti yatha ntchito? Kupatsa kwanu kuja kunabwera modzidzimutsa.

Chipukutamisozi changa ndi ichi: mubwere Lachisanu lisanafike, mutavala suti yanu yoyera, mukaime m'fumbi pachipata cha mgodi n'kuwawerengera makalata anga mokweza. Apo ayi, tumizani kompyuta yatsopano mukugwiritsa ntchitoyo.

Mulungu akusungeni, makamaka chikumbumtima chanu.

Mng'ono wanu,
Tomé