Msampha Wanga Wakola Bambo

Lolemba, 3 Malichi
Sabata yachitatu pa ntchito. Boma linandiphunzitsa ulere za chitetezo cha makompyuta, ndiye zaka zitatu zikubwerazi ndine wawo. Lero abwana anati nditumize imelo yabodza kwa antchito onse, tione amene angapusitsidwe. Ndalemba kuti kwabwera mwayi wa sukulu yaulere ya ana a antchito, ofuna alowetse pasiwedi yawo. Ndangokopera fomu imene ndinadzaza ine ndemwe popempha maphunziro anga aja. Abwana aseka mpaka kutsokomola. Ndinadzimva katswiri.

Lachiwiri, 4 Malichi
Akodwa anthu 41. Woyamba, 8:06, bambo anga. Ndinaiwala bwanji kuti a ku ofesi ya mafayilo nawonso ali ndi imelo?

Lachitatu, 5 Malichi
Bambo afika kunyumba akuimba mluzu. Anaitana mng'ono wanga, amene wangokhala chimalizireni sekondale. “Sita bulauzi, mawa ukajambulitse. Mwayi wa mkulu wakoyu wabweranso.” Mayi nthungululu. Kenako bambo anandionetsa foni. “Iwe ukudziwa zam'kati, ndadzaza bwino?”

Ndinati eya. Chakudya chinandikanika. Ndine munthu wanji ine?

Lachinayi, 6 Malichi
Ndapempha abwana tichotse dzina limodzi. Akuti msampha sudziwa m'bale, mayina onse awerengedwa mawa pa msonkhano.

Ndinatsikira ku mafayilo kuti ndikaulule. Ndinapeza bambo akuthandiza amesenjala kudzaza fomu yomweyo, ndi chala chimodzi, lilime panja. “Mwana wanga uyu,” anatero, “ndi amene amatilondera muno.” Ndinangobwereka sitepula n'kutuluka. Manyazi okhaokha.

Lachisanu, 7 Malichi
Ndawauza bambo m'mawa tikudikira basi.

“Ndiye sukuluyo kulibe?”

“Kulibe, bambo.”

“Unalemba ndiwe?”

“Eya.”

Anavula magalasi, n'kumawapukuta mpaka basi inafika.

Pa msonkhano dzina lawo litatchulidwa anaimirira, ngakhale palibe anawauza kutero. Anthu anaseka. Wina kumbuyo anati, “Nyumba ya mlonda yaberedwa!” Ine maso pa tebulo.

Poweruka anandidikira pa geti. “Za ine zisiye, ndasekedwapo kambiri. Koma mng'ono wako ukamuuze wekha.”

Mng'ono wangayo ali kuchipinda, akuimba. Ndikulemba izi pakhonde, nsapato sindinavule.