Uvuni wa Mayi Woumba

Loweruka, 8 Juni
Ndaupeza. Uvuni wamagetsi wowotchera zoumba, wogwirapo kale ntchito. Waufupi ngati mgolo wodula pakati, chivundikiro chong'aluka pang'ono. Eni ake ndi mayi achikulire, oumba kuyambira ine ndisanabadwe. Zala zapindika ndi nyamakazi, dongo sangakanyenso. Pamtengo sitinavutane. Funso lawo linali limodzi: "Kwanuko denga silidontha?" Ngati ndadzafunsira mwana wawo ukwati.
Ndalama ya makatani yapita. Ine wongoyamba kumene, wa timakapu topendekeka, ndagula uvuni!

Lolemba, 10 Juni
Tautenga pagalimoto ya alamu. Kulemera kwake! Mayi aja sanatuluke. Ndinangowaona pazenera.
Bambo a ana anauzungulira m'galaja, manja kumbuyo. "Ndiye basi, tiyi tizimwera chopendeketsa mutu mpaka imfa?" Koma ndi iwo omwe anachotsa njinga ndi matayala, n'kusesa.

Lachinayi, 13 Juni
Wamagetsi akuti pulagi yathu singakwanitse, pafunika waya wonenepa wakewake. Ndalama inanso. Chakudya sichinalowe.

Lachitatu, 19 Juni
Dzulo kuwotcha koyamba. Lero kutsegula, mapale okhaokha. Yapulumuka mbale imodzi, yonyansa kuposa zonse. Ndakalirira kubafa, mpopi wotsegula. Potuluka ndapeza bambo a ana aikamo makiyi awo, aikhazika patebulo la pabalaza. Munthu ameneyu.

Lachisanu, 21 Juni
Manyazi pambali, ndawaimbira mayi aja. Afika masana ndi mwana wawo wamkazi. Moni woyamba wapita kwa uvuni, kuusisita pachivundikiro. Kenako atenga kapu yosawotcha pashelefu n'kundigunditsa patsaya. "Ukumva kuzizirako, mwanawe? Dongo silinaume. Uvuniwu ulibe mlandu, ndi phuma lako."
Pochoka, mwana wawo wandikokera pambali. Akuti chichokereni uvuni, amayi amangogona choyang'ana khoma, chakudya n'chowakakamiza. Lero atamva foni yanga avala okha nsapato.
Sindinkadziwa kuti ndinanyamula zambiri chonchi pagalimoto paja.

Lachitatu, 3 Julayi
Zonse zatuluka zamphumphu! Ndagogoda kapu ndi chala, kulira ngati belu. Ndawamvetsera mayi pafoni. Anangoti, "Gogodanso."

Lachinayi, 11 Julayi
Tsopano amabwera Lachinayi lililonse. Ine manja, iwo maso ndi pakamwa. Lero anapempha kachibuma ka dongo. Zala zinakana. Ndinaika manja anga pamwamba pa awo, tinakanikiza limodzi. Kambale kakang'ono. Anakhala nako pamiyendo nthawi yaitali, ine n'kumanamizira kupukuta tebulo.

Lachinayi, 25 Julayi
Dzanja langa latupa, akuchipatala akuti lipume. Ndimati tilepheretse za lero. Mayi akana. Akuti m'nyumba muno muli manja ena ongokhalira nyuzipepala.
Ndikulemba pano, m'galajamo mukumveka mawu a mayi aja, "Osati chonchotu bambo, simukuchapa zovala!"
Ndipo bambo a ana, munthu wosauzidwa chochita chikwatiranireni: "Pepani amayi. Chonchi?"
Izi zokha ndikaone ndi maso anga