Chitseko Chachikasu

Lolemba, 4 Ogasiti

Nkhungu lero ngati chiperoni cha ku Thyolo. Ndinaima pawindo la chipinda cham'mwamba ndi kapu ya tiyi, nyumba zonse zikuoneka ngati zikuyandama. Mizeremizere, madenga ofanana, zitseko zotuwa ngati phulusa, kamtengo kamodzi pakhomo lililonse. Ndege zotera ku eyapoti kumangomveka kulira, osaoneka.

Paja tinagula nyumba mu esiteti yatsopanoyi, kuseri kwa dera la Utawala, kuno kudziko la eni, chifukwa cha mpanda. Adokotala anati amuna anga, a Blackson, aziyenda tsiku lililonse, poti matenda oiwalawa amathamanga munthu akamangokhala. Ku South B, kumene tinkakhala kale, sindikanawalola kutuluka okha, mamatatu aja, maminibasi othamanga a kuno. Kuno geti ndi limodzi ndipo askari, alonda a pageti, amawadziwa nkhope. Ndinaganizira zonse, kupatula zoti nyumba zidzafanana chonchi.

M'mawa uno abwera nawo ndi askari. Anawapeza mumsewu wina akulimbana ndi loko wa eni ake ndi kiyi wathu. Asanafike n'komwe, chithunzi chawo chinali kale pa gulupu ya pafoni ya eni nyumba. Anaika ndi a Roy, mlembi wa komiti, ati bambo uyu akuyesa zitseko za anthu, samalani. Chithunzi cha pakamera, chakumbuyo. Juzi imene ndinawalukira ndekha.

Sindinayankhe. A Blackson adya phala bwinobwino n'kundiuza kuti tiyi aphuka bwino chaka chino. Zaka zonse zija za ulangizi kwa alimi a tiyi, zimenezo zokha sizikufufutika.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Tchuthi changa chikadalipo, ndiye ndinapita ku Utawala kukagula penti. Wachikasu. Nyumba yathu yoyamba ku Bvumbwe chitseko chake chinali chachikasu, tinachipeza choncho ndipo tinkachiseka. Lero ndi chimene ndinachifuna.

Tapenta awiri. Ine kumtunda, iwo kumunsi atagwada pa katoni, akung'ung'udza nyimbo za kwaya. Penti mpaka m'zigongono. Pakati pa ntchito anaima n'kufunsa ngati eni nyumba atilola zimenezi. Ndinati eni ake ndi ife. Anaseka, ati iwe Pauline wakula mtima masiku ano.

Madzulo dzuwa linatulukako pang'ono. Ndinawoloka msewu kukachionera patali. Mumzere wonse wa phulusa uja, chathu chokha chikuwala ngati m'nyumba mwayatsidwa nyali.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Apita okha, abwera okha. Ndinawaona ali pakona, akuyang'ana uku ndi uku, kenako mapewa n'kutsika.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Kunabwera Mayi Immaculata, wapampando wa bungwe la eni nyumba. Munthu wofatsa, wa magalasi a chingwe. Anakana tiyi kawiri, kachitatu analandira. Anayamikira makatani, anafunsa za ku Malawi, kenako n'kufika pa chitseko.

Ati pogula nyumba tonse tinasaina kuti kunja kwa nyumba kuli m'manja mwa bungwe. Mtundu wa penti, maluwa obzala, poyanika zovala, ngakhale kutalika kwa kapinga. M'kati ndi mwanu, kunja ndi kwa tonse, anatero. Madandaulo afika ku komiti. Loweruka la sabata yamawa kuli msonkhano wa eni nyumba, ndikhoza kukanena chifukwa changa. Zikakanika, abwera openta a bungwe kudzabwezeretsa phulusa lija.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa motsitsa mawu ngati pali chimene akufunika kudziwa. Ndinati ndimangokonda chikasu.

Ndikanati chiyani? Tsiku limene adokotala anatiuza, tili m'galimoto tisanalize n'komwe injini, a Blackson anandigwira dzanja. "Amayi a Lily, izi zikhale za m'nyumba mwathu. Ndisamayende anthu akundilozerana." Ndinalonjeza. Ngakhale anzathu a kutchalitchi sadziwa, amangoti abambo aja ndi ofatsa.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Tchalitchi ku South B. Pobwerera pa msewu wa Eastern Bypass panali mdipiti wa malole, tinaima pamodzimodzi mpaka ndinayamba kulota ndili maso. Ndimaona zitseko zonse za mu esiteti zitatseguka, m'misewu mwamera tiyi wobiriwira mpaka m'chiuno, a Blackson akuyenda pakati pake ndi chipewa chawo chakale, akulowa nyumba iliyonse, paliponse akupatsidwa mpando. Anandidzutsa ndi hutala wa matatu kumbuyo.

Mwana wathu Lily anaimba kuchokera ku Blantyre. Ati amama bwerani nawo kumudzi adadi, kuno kuli anthu. Koma adokotala awo ali kuno, ntchito yanga ili kuno. Ndipo ku Blantyre akakasochera mpanda wake uti?

Chitseko chikabwerera phulusa ndiye kuti ndiziwakhomera m'nyumba. Munthu amene moyo wake wonse wayenda m'minda.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Tinayenda limodzi mpaka kumene sanayambe kumanga. Misewu yaphula ilipo kale, magetsi a mumsewu, zikwangwani za mayina, koma nyumba ayi. Udzu wokhawokha ndi akakowa oyera. Ngati mudzi umene anthu ake sanabadwe. Pa chikwangwani chachikulu pali banja losekerera kutsogolo kwa chitseko chotuwa.

Ndinafuna kuwafunsa ngati angandimasule pa lonjezo lija. Ndinayamba bwinobwino. Anandimvetsera mwaulemu, n'kunditchula kuti achemwali, n'kufunsa kuti munda wonsewu mwini wake ndani, bwanji sanalime.

Nkhaniyo ndaisiya. Tabwerera titagwirana manja.

Loweruka, 16 Ogasiti

Ndilembe ndisanaiwale kalikonse.

Msonkhano unali mu holo ya pafupi ndi dziwe losambira. Ndinapita nawo, panalibe wowasiyira. Kutsogolo komiti, Mayi Immaculata pakati, a Roy ndi laputopu yawo, ndi mnyamata wa suti woimira kampani yomanga nyumbazi. Kampaniyo ili ndi mpando mu komiti mpaka nyumba yomaliza itagulidwa. Nyumba iliyonse voti imodzi.

Anayamba ndi za madzi a m'chitsime, kenako agalu, kenako ana okwera njinga pa kapinga. A Blackson anakhala pambali panga, chipewa pa bondo, akuyang'ana madzi a m'dziwe kudzera pagalasi. Ndinali nditakonza zonena za chikasu, zopanda mutu, ndikudziwa ndekha kuti sizipita patali.

Itafika nkhani yathu, a Roy anaika chithunzi cha chitseko pakhoma. Chachikulu, chowala. Anati iwo alibe chifukwa ndi munthu, koma lero chikasu, mawa wina chofiira, mkuja khola la nkhuku. Ati anagulitsa munda wa bambo awo kuti akhale pamalo a dongosolo. Wa kampani anawonjezera kuti ogula atsopano amabwera kudzaona, ndipo amafuna zimene anaona pa chithunzi. Anthu ambiri anagwedeza mitu.

Anandiitana. Ndisanaimirire ndinamva mpando wa pambali panga ukusuntha. A Blackson aimirira, akumanga batani la jekete ngati kale pa misonkhano ya alimi. Analoza pakhoma. Chizungu chawo chija chaukhondo, cha ku mishoni.

"Pepani, a wapampando. Chitseko icho ndi changa. Ine ndimasochera. Mutu wanga ukutha pang'onopang'ono, adokotala anatero. Nyumba zanu ndi zokongola, koma zonse zimandiuza zofanana. Icho chokha ndi chimene chimandiitana."

Anakhala pansi. Anandiyang'ana n'kunong'ona m'Chichewa ngati analankhula bwino. Ndinangowafinya dzanja.

Kenako Mayi Immaculata anavula magalasi n'kunena kuti lamulo lenilenilo sangalisinthe popanda kampani, koma eni nyumba ali ndi mphamvu yopereka chilolezo chapadera pa nkhani ya matenda, chomachiunikanso chaka ndi chaka. Wa kampani anayang'ana foni yake, sanatsutse. Anavota pokweza manja. Sindinawerenge, maso anali atadzaza misozi, koma manja anali ambiri. A Roy sanakweze. Analemba zotsatira nkhope ili pa laputopu.

Pofika kunyumba a Blackson anali ataiwala kuti tinapita kuti. Anafunsa ngati kunali ukwati.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Tsopano aliyense akudziwa. Akamadutsa, ana akuti shikamoo Mzee, moni wa kuno wolemekeza achikulire, azimayi akuwakweza dzanja ali m'galimoto. Wina amawalankhula mokuwa ngati ndi ogontha, zimandibaya. Koma iwo akubwera akumwetulira, ati anthu a kuno ayamba ulemu.

Chithunzi chija pa gulupu chachotsedwa.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Ndinawaona pawindo akudutsa chitseko chathu osachiyang'ana. Anafika mpaka kumapeto kwa msewu. Ndinathamanga ndi masilipasi kukawatenga.

Ndinkaganiza kuti chitithandiza nthawi yaitaliko.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Nkhungu yabweranso, yokhuthala, moti nyumba ya kutsidya kwa msewu osaiona. Anatuluka ndili m'bafa. Ndinadikira pawindo tiyi mpaka kuzizira. Ndinazungulira misewu itatu ndikuitana dzina lawo motsitsa, manyazi akadalipo, sindikudziwa a chiyani. Askari anati pageti sanadutse.

Foni inalira, nambala yachilendo. A Roy. Sanalembe pa gulupu, anaimbira ine. Anati ndisathamange, Mzee ali kwawo, msewu wa kuseri kwathu.

Ndinapeza chitseko chili chotsegula. Nyumba ngati yathu yomwe, masitepe mbali yomweyo, khitchini pomwepo, koma yopanda makatani a maluwa, pakhoma chithunzi chimodzi cha mayi wovala za ukwati. A Roy anandichingamira pakhonde, ali ndi thaulo la mbale paphewa. Ananong'ona kuti anamva kiyi akukanda pa loko, atasuzumira n'kuona kuti ndi iwo, anangotsegula.

A Blackson anali pa mpando waukulu wa mwini nyumba, nsapato atavula, ataziika bwinobwino pambali. Atandiona nkhope inawala.

"Amayi a Lily, mwachedwa. Tili ndi mlendo."

Ndinayang'ana a Roy. Iwo anachotsa thaulo paphewa, n'kukakhala m'mphepete mwa sofa, manja pa mawondo, monga amakhalira munthu kwa eni ake. Pa tebulo panali makapu awiri ndi fulasiki. Ndinalowa kukhitchini kukatenga kapu yachitatu, ndipo ndinaipeza mu kabati ya pamalo pomwe ndimasunga anga kwathu.

Pobwera ndinamva a Roy akufunsa a Blackson ngati angathireko shuga wina. A Blackson anawakankhira mbale ya shuga, ati khalani omasuka, pano ndi panu.